Galimoto yobwereketsa ikabwera itakalika

Akuluakulu adati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo ponena mawuwo ankachenjeza wobwereka. Masiku ano chenjezolo likufunika kwambiri kwa wobwereketsa, makamaka iye amene khasu lake lili ndi matayala anayi, adaligula pa ngongole, ndipo akulipereka kwa munthu amene sadamuonepo chibadwire. Ndikunena malonda amene afala ku America, ku Canada, ku Britain, ku Australia ndi ku France, amene munthu wamba amaika galimoto yake pa pulogalamu ya pafoni, mlendo n'kuibwereka masiku awiri kapena sabata, kampani ya pulogalamuyo n'kudulapo gawo lake pa ndalamazo. Ena mwa abale athu amene ali kunjako alowamo m'malondawa, pakuti galimoto imene imangokhala panja mwini wake ali kuntchito usiku wonse itha kumadzilipirira yokha ngongole. Nzeruyo ndi yabwino. Koma tsiku limafika limene galimoto imabwera bampala itang'ambika, chitseko chitakwinyika, kapena galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu, ndipo pamenepo ndi pamene zimadziwika ngati munthu anali pa malonda kapena ankangoyesa mwayi.

Maganizo anga ndi awa, abale anga: mlandu wa galimoto yowonongeka umaweruzidwa makiyi asanaperekedwe. Zimene mwini galimoto amachita itabwera kale ndi kungokolola zimene adabzala, kapena zimene sadabzale. Ndipo pali zinthu ziwiri zimene zimatigwetsa ife anthu a mtundu wathu kuposa ena pa nkhaniyi. China ndi manyazi, china ndi chikondi chopyola muyezo pa galimoto. Manyazi amatiluzitsa ndalama zimene zinali zathu. Chikondicho chimatichititsa kulipiritsa anthu ndalama zimene sizinali zathu.

Tiyambe ndi kudziwa amene tikuchita naye pangano. Kampani yaikulu pa malondawa ndi Turo. Idayamba ku Boston m'chaka cha 2010 ndi dzina lakuti RelayRides, idasintha dzina mu 2015, ndipo likulu lake lili ku San Francisco. Ku Britain idafika mu 2018. Kampaniyi ilibe magalimoto akeake oti ibwereketse. Ntchito yake ndi kukumanitsa mwini ndi wobwereka, kusunga ndalama pakati pawo, ndi kuika malamulo a zimene zidzachitike zinthu zikalakwika. Anthu ambiri akamva kuti pali chitetezo amangoti basi, ndiye kuti pali inshuwalansi. Koma ku America kampaniyo imanena yokha m'malamulo ake kuti ndalama zimene imabwezera mwini galimoto yake ikawonongeka si inshuwalansi ayi, ndi pangano chabe la kugawana chiopsezo. Inshuwalansi yeniyeni ndi ija yolipira anthu ena amene wobwereka wawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Kusiyanaku kumaoneka ngati kwa maloya okha, koma tanthauzo lake n'lakuti mwini galimoto akaphonya ndime imodzi ya panganolo, kampani ili ndi ufulu wonse womuuza kuti pepani.

Panganolo limayamba ndi kusankha. M'chaka cha 2024 mwini galimoto ku America ankasankha pakati pa magawo asanu. Kumapeto kwina ankalandira 60 peresenti ya ndalama za ulendo, koma galimoto ikawonongeka sankayamba walipira kanthu. Kumapeto kwinako ankalandira 90 peresenti, koma madola 2,500 oyamba a zokonzetsa ankatuluka m'thumba mwake. Ndalama yoyamba kulipira wekhayi ndi imene a inshuwalansi kwathu ndi ku Britain amaitcha excess, pamene ku America amati deductible. Ziwerengerozi kampani imazisintha nthawi ndi nthawi, ndipo dziko lililonse lili ndi zake, koma mtima wa nkhani susintha: ukafuna kudya zambiri lero, wavomera kusenza zambiri tsiku la tsoka.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, mongoyerekeza. Galimoto ikubwerekedwa pa madola 60 patsiku, masiku 15 pamwezi. Ndiye kuti madola 900. Wa 90 peresenti atenga 810, wa 60 peresenti atenga 540. Kusiyana kwake ndi madola 270 pamwezi, ndipo diso la munthu limathamangira pomwepo. Koma ngozi imodzi yokha yofika pa madola 2,500 imameza phindu lonselo la miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ena pamwamba. Munthu amene ali ndi magalimoto khumi, amene ali ndi makaniko wake ndipo amadziwa kogula zipangizo motchipa, atha kusankha gawo lalikulu mwanzeru, chifukwa tsoka la galimoto imodzi limagawidwa pa zinzake zisanu ndi zinayi. Koma mayi amene ali ndi galimoto imodzi, yomweyo imene amapitira kuntchito yosamalira okalamba, akasankha 90 peresenti popanda madola 2,500 osungidwa pambali, wachita juga ndi ntchito yake yomwe. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi ndalama imeneyi nditha kuitulutsa mawa m'mawa osakongola kwa munthu? Ngati yankho ndi ayi, gawolo si lanu.

Tsopano tifike pa zithunzi, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la Turo n'lakuti mwini ajambule galimoto mkati mwa maola 24 ulendo usanayambe, aijambulenso mkati mwa maola 24 ulendo utatha, ndipo ngati pali chowonongeka anene mkati mwa maola 24 omwewo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wokhala mu ofesi kutali, amene sadaione galimotoyo ndipo sadzaiona, ayenera kugamula ngati mzere uli pachitsekowo udabwera pa ulendo umenewu kapena udalipo kale. Alibe mboni, alibe nyakwawa, alibe mfumu yoti iitane anthu pabwalo. Ali ndi zithunzi ziwiri zokha, cha kale ndi cha tsopano, pamodzi ndi nthawi imene foni idalemba mkati mwa chithunzi chilichonse. Chithunzi chimodzi chikasowa, kapena chikakhala cha mumdima, kapena chikajambulidwa galimoto ili ndi matope, mlandu watha ndipo mwaluza, ngakhale mukunena zoona.

Choncho kujambula galimoto kukhale mwambo wosalumphidwa, monga kusamba m'manja nsima isanafike. Galimoto ikhale yotsukidwa ndi youma, chifukwa madontho a madzi amabisa zokalika. Pakhale powala. Mujambule mbali zonse zinayi mutaima patali, kenaka ngodya zonse zinayi, kenaka muyandikire chitseko chilichonse. Malo amene anthu amaiwala ndi omwe amawonongeka kawirikawiri: pansi pa bampala yakutsogolo, imene imakhula pansi polowa m'mageti otsetsereka, m'mphepete mwa malimu, amene amadyedwa ndi simenti ya m'mbali mwa msewu poimika, denga, limene palibe amaliyang'ana mpaka wina atamangapo katundu, galasi lakutsogolo, mipando yakumbuyo, buti. Pomaliza mujambule pamene pamaonetsa mtunda umene galimoto yayenda, mafuta amene alimo, ndi kuti palibe nyali yochenjeza imene ikuyaka. Zonsezi ndi mphindi zisanu. Ulendo wa makumi anayi ukamafika, ulesi umayamba kunong'oneza kuti palibe chimene chachitikapo chiyambire. Ulendo umenewo ndi umene galimoto imabwera itagundidwa.

Ndanena za manyazi. Ife tidaleredwa kuti kuyang'anitsitsa chinthu chimene munthu akukubwezera iye ali pomwepo ndi kumunyoza. Mnzako akakubwezera ndalama suwerenga pamaso pake. Mlendo akakubwezera makiyi uku akumwetulira ndi kuthokoza, kuzungulira galimoto ndi foni m'manja kumaoneka ngati ukumutcha wakuba. Ndiye timalandira makiyi, timati zikomo, muyende bwino, galimoto tidzaiona mawa. Mawa kuli ntchito, mkuja kuli mvula, tsiku lachitatu tikaitsuka ndi pamene tiona kuti nyali yakumbuyo idasweka. Maola 24 adapita kale. Zimapweteka kwambiri wobwerekayo akakhala wakwathu, amene tamupeza pa pulogalamu n'kuzindikira dzina, tayamba kulankhula Chichewa, tafunsana za kumudzi. Pamenepo foni imalemera ngati mwala.

Koma taganizani bwino amene zithunzizo zikumuteteza. Wobwereka woona mtima amapindula nazo mofanana ndi mwini, chifukwa ndi zomwezo zimene zidzamuchotse pa mlandu wa mzere umene udzabwere sabata yamawa ndi munthu wina. Mwini wanzeru amanena poyera popereka makiyi kuti, achimwene, tiyeni tiizungulire limodzi, inunso mujambule zanu, kuti pasadzakhale wonamiziridwa. Akatero manyazi atha, pakuti chimene chikadaoneka ngati kukayikira chasanduka ulemu.

Mbale wake wa manyazi ndi mawu aja timawakonda akuti tikambirana. Wobwereka wagunda, wavomera, wapepesa, ndipo akuti chonde musauze kampani, ndikonza ndekha, malipiro akatuluka ndikutumizirani. Mtima wa munthu umafewa. Pano ndikufuna ndimveke bwino, chifukwa sindikunena kuti kukambirana n'koipa. Turo yomwe imalola mwini ndi wobwereka kuthetsa nkhani paokha, ndipo nthawi zambiri imeneyo ndiyo njira yanzeru: ngati kukonza kuli madola 300 pamene excess yanu ndi madola 750, kampani sikupatsani kanthu, ndiye kuli bwino mugwirizane awiri. Cholakwika ndi kukambirana m'malo mwa kunena. Nenani kaye mkati mwa maola aja, lembani kuti mwasankha kuthetsa nkhaniyo ndi wobwereka, ndipo zokambirana zonse zichitikire m'mauthenga a pulogalamuyo, osati pa WhatsApp kapena pakamwa. Mukatero chitseko chobwerera ku kampani chimakhala chotsegula kwa nthawi imene malamulo ake aika. Mukapanda kutero, tsiku limene foni ya wobwereka idzasiye kuyankhidwa mudzakhala mulibe kolowera.

Ndiponso musavomere mtengo muli pamsewu. Magalimoto a masiku ano amabisa mabala awo. Bampala imene ikuoneka ngati yangokalika pang'ono itha kukhala kuti timapulasitiki toigwira mkati tathyoka, kapena chitsulo chakumbuyo kwake chapindika, kapena tizipangizo tija timalira poimika galimoto tasokonekera. Galasi lakutsogolo la magalimoto ambiri atsopano lili ndi kamera kumbuyo kwake, imene iyenera kutcheredwanso ndi makina galasilo likasinthidwa, ndipo kutcherako kuli ndi mtengo wake. Munthu amene walandira mapaundi 150 m'manja n'kulemba kuti nkhani yatha, kenaka kugalaja n'kumuuza kuti ndi mapaundi 900, alibenso pakamwa. Yambani mwamva kwa owongola ndi kupenta magalimoto, makamaka awiri osiyana, mtengo ukhale wolembedwa, kenaka mukambirane. Ndipo ngati mwapereka nkhaniyo ku kampani, musathamangire kukonzetsa iwo asanaone ndi kuvomereza, pakuti bala likapola umboni wapita.

Tsopano nditembenukire kwa eni magalimoto amene alibe manyazi konse, amene vuto lawo ndi lachiwiri lija. Kwa ambiri a ife galimoto si chitsulo wamba. Ndi chizindikiro chakuti zaka za kuzizira ndi kugona masana sizidapite pachabe. Chithunzi chake chidatumizidwa kumudzi tsiku lomwe idagulidwa. Munthu wotere akaona kamzere kakang'ono ngati chikhadabo pachitseko, mtima umamuwawa ngati mwana wake wamenyedwa, ndipo amafuna wina alipire. Koma walira mvula walira matope. Galimoto imene ikuyenda masiku 15 pamwezi m'manja mwa anthu osiyanasiyana idzakhala ndi timabala ta miyala pa boneti, timizere ta zikwama pakhomo la buti, mipando yofwifwa, makapeti operepeseka. Zimenezo ndi kutha kwa katundu pogwira ntchito, ndipo ndalama zake zili kale mkati mwa mtengo umene mumalipiritsa patsiku.

Turo idaika muyezo pa zimenezi. Ku America, chokalika kapena chokwinyika chimene sichipitirira mainchesi atatu, amene ndi pafupifupi masentimita asanu ndi atatu, chimawerengedwa ngati kutha wamba, ndipo pa magawo ambiri aja a 2024 sichinkalipiridwa. Wina atha kutsutsa kuti muyezowo ndi waukulu, kuti mainchesi atatu pa chitseko cha galimoto yakuda amaonekera patali, ndipo akunena zoona. Koma muyezo wodziwika, ngakhale ukhale wopweteka, uli bwino kuposa kukangana pa kadontho kalikonse. Chimene ndimadana nacho ndi khalidwe la eni ena amene amasunga bala lakale n'kumalilipiritsa kwa wobwereka aliyense amene sadajambule zithunzi zake, kapena amene amalandira ndalama zokonzetsera, osakonza, kenaka n'kudzalipiritsanso wina pa bala lomwelo. Kumeneko ndi kuba, ngakhale kuchitike ndi foni yamakono. Ndipo kumawononga malonda a onse, chifukwa kampani ikaona zotere imawumitsa malamulo, woona mtima n'kuvutikira limodzi.

Pali dera lina lovuta limene zithunzi sizithandiza, ndilo la zam'kati mwa injini ndi magiya. Klatchi ikapsa pa ulendo wa munthu, ndani wailakwira? Mwina wobwerekayo sadziwa kuyendetsa galimoto ya magiya a pamanja, ndipo waipsereza tsiku limodzi pa zitunda. Mwinanso klatchiyo inali itayenda kale makilomita ochuluka ndipo imangodikira tsiku lake. Makampaniwa kawirikawiri salipira zowonongeka za mtundu umenewu pokhapokha pakhale umboni wakuti wobwereka ndiye adachita mosasamala, monga kuthira petulo m'galimoto ya dizilo, kapena kupitiriza kuyendetsa nyali ya oyilo ikuyaka. Umboni wa mwini pano ndi malisiti a kugalaja: tsiku limene oyilo adasinthidwa, mabuleki adaonedwa, matayala adagulidwa. Munthu amene amakonzetsa galimoto kwa mnzake kuseri kwa nyumba popanda kapepala kalikonse amapulumutsa ndalama pang'ono, koma tsiku la mlandu amakhala wopanda chonena. Kunena mosabisa, galimoto ya magiya a pamanja ine sindingalangize munthu kuibwereketsa kwa alendo ku America, kumene oyendetsa ambiri sadaphunzirepo klatchi.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, zithunzi zilipo, mwanena msanga, kampani yavomera, pali zotayika zimene palibe adzakubwezereni mokwanira. Galimoto ikakhala kugalaja masabata atatu kudikira chipangizo, ngongole yake siyima, inshuwalansi yanu siyima, ndipo maulendo amene anthu adasungitsa kale amafafanizidwa. Mu 2024 ndi magawo odula okha amene ankapereka kenakake pa masiku otayikawo. Kenaka pali kutsika kwa mtengo. Ku America mbiri ya ngozi imalembedwa m'makaundula onga Carfax, ndipo wogula aliyense amaiona. Galimoto yokonzedwa bwinobwino imagulidwabe motsika kuposa inzake imene sidagundidwepo. Ku Britain galimoto imene a inshuwalansi aona kuti kuikonza n'kodula kuposa mtengo wake imaikidwa m'magulu a A, B, S kapena N, malinga ndi dongosolo limene lidayamba mu Okutobala 2017, ndipo chilembocho chimaitsatira moyo wake wonse. Ikatheratu, chimene mumalandira ndi mtengo wake wa pamsika tsiku la ngoziyo, osati umene mudagulira. Ngati ngongole yotsala ndi yaikulu kuposa pamenepo, mudzapitiriza kulipira galimoto imene ili kudzala.

Nkhani ya ngongoleyi ili ndi msampha winanso. Mapangano ambiri ogulira galimoto pang'onopang'ono amaletsa kuibwereketsa pa ndalama, ndipo inshuwalansi wamba ya munthu payekha imakana ngozi zochitika galimoto ili pa hayala. Ku California adachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2010 loti malondawa athe kuchitika popanda kampani ya inshuwalansi kuthamangitsa mwini galimoto chifukwa chongolowamo. Kumene lamulo lotere kulibe, kubisira a inshuwalansi kapena a ngongole kutha kukutayitsani zonse nthawi imodzi. Afunseni musanayambe, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Tisaiwalenso kuti chitsulo ndi gawo laling'ono la ngozi. Kumayambiriro kwa 2012, ku Boston, munthu wina adabwereka Honda Civic kudzera pa RelayRides, adachita ngozi, iye adamwalira ndipo anthu ena angapo adavulala kwambiri. Inshuwalansi ya kampaniyo inkafika pa madola 1 miliyoni, koma panali mantha akuti zolipira zidzapyola pamenepo ndipo zotsalazo zidzagwera mwini galimoto, amene sanali pamalopo n'komwe. Nyuzipepala ya New York Times idalemba nkhaniyo, ndipo idatsegula maso a anthu ambiri. Chaka chotsatira boma la New York lidaimitsa kampaniyo chifukwa cha nkhani za inshuwalansi, ndipo idakabwererako mu 2022. Makampani enieniwo nawonso sakhalitsa onse: Getaround, imene inali yopikisana ndi Turo, idatseka ntchito zake ku America mu Febuluwale 2025. Amene amanga moyo wake wonse pa lonjezo la pulogalamu imodzi ayenera kukumbukira zimenezi. Pa ngozi iliyonse imene munthu wavulala, nkhani ya penti idikire. Apolisi adziwitsidwe, lipoti lawo lipezeke, ndipo mwini asalonjeze kapena kuvomera kanthu kwa aliyense a inshuwalansi asanalankhule.

Wina wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete atha kunena kuti zonsezi ndi za kunja, kwathu kulibe Turo. N'zoona kuti kulibe, koma malondawo alipo, ndipo ndi oopsa kuposa a kunjawo chifukwa pakati palibe aliyense. Tsiku lililonse anthu amabwereketsa ma Sienta, ma Vitz ndi ma Hilux awo pa ndalama, za ukwati, za maliro, za ulendo wa kunyanja, za ogwira ntchito m'mabungwe opita kumidzi, ndipo pangano lonse limakhala uthenga umodzi wa pafoni. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi inshuwalansi yokhayo imene lamulo limakakamiza, yolipira anthu ena, imene sikonza galimoto ya mwini wake. Ngakhale amene ali ndi inshuwalansi yonse, ngati adailembetsa kuti ndi ya ntchito za pakhomo, kampani ikadziwa kuti inali pa hayala ili ndi chifukwa chokanira. Ku Malawi galimoto za hayala zili ndi nambala zake zofiira ndi zikalata zake, ndipo amene akuchita malondawa ndi nambala wamba akuyenda kunja kwa chitetezo chimene akuganiza kuti ali nacho. Ku South Africa, kumene abale athu ena amapereka magalimoto awo kwa oyendetsa Uber ndi Bolt pa ndalama ya pasabata, thumba la Road Accident Fund limalipira anthu ovulala ndi mabanja a omwalira, koma silikonza galimoto ya munthu ngakhale nyali imodzi.

Onjezanipo mtengo wa zipangizo. Pafupifupi chilichonse cha galimoto kwathu chimachokera kunja. Kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nyali, mabampala ndi magalasi zidakwera motsatira. Ndalama ya chikole imene inali yokwanira zaka zitatu zapitazo lero sigula ngakhale kalilole wa pambali. Amene akubwereketsa kwathu ayenera kudzichitira yekha zonse zimene kampani imachita kunja: pepala limodzi losainidwa ndi onse awiri, lonena amene adzayendetse, kumene galimoto ikupita, tsiku lobwera, chikole, ndi amene adzalipire chiyani ikawonongeka, chithunzi cha laisensi ndi chiphaso cha wobwereka, zithunzi za galimoto zotumizirana pa WhatsApp nthawi yomweyo, kuti tsiku ndi ola zikhale pa mafoni onse awiri. Pa pepalalo palembedwenso za misewu. Galimoto yaing'ono yobwerekedwa kuti ikazungulire m'tauni ikapezeka kuti idakwera msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia, kapena idawoloka mitsinje nyengo ya dzinja, zowonongeka zake sizioneka pa penti. Zimadzamveka pansi patapita sabata.

Ovutika kwambiri pa onsewa ndi amene ali kunja koma galimoto ili kumudzi, m'manja mwa mlamu kapena mphwawo, ikuchita hayala. Mwini amamva za ngozi patapita mwezi, nthawi zina kudzera kwa munthu wina, galimoto itakonzedwa kale mwachisawawa ndi ndalama zimene zinkayenera kutumizidwa kwa iye. Woisungayo sadabise chifukwa cha kuipa mtima kokha. Ankaopa kukalipiridwa, ankaopa kulandidwa makiyi. Njira yochepetsera zimenezi ndi kugwirizana poyamba kuti gawo lina la ndalama za ulendo uliwonse lizipita ku thumba la zokonzetsa, limene onse awiri akuliona, ndi kuti kunena ngozi tsiku lomwelo sikudzakhala mlandu, koma kubisa ndiko kudzakhale mlandu.

Ndikudziwa kuti ena amva kuwawa ndi zonsezi. Adzati mapepala, zikole ndi zithunzi pakati pa anthu odziwana ndi kutaya umunthu, kutengera za azungu. Ine ndimaona mwina. Makolo athu akamapereka ng'ombe kwa mnzawo kuti aziweta, ankaitana mboni, ankawerenga, ankanena poyera kuti ikabereka ana agawidwa motani ndipo ikafa chikopa chionetsedwe. Sankachita zimenezo chifukwa chodana. Ankadziwa kuti ubale umasweka pa zinthu zimene sizidanenedwe. Mabanja amene lero salankhulana chifukwa cha galimoto imene idagwa pobwera kumaliro sadalekane chifukwa cha pepala. Pepalalo padalibe, ndipo aliyense adakumbukira pangano m'njira yomukomera.

Pali kusiyanitsa kumodzi kumene kuyenera kuchitika pa nthawi yopereka makiyi, pakamwa, onse akumva. Ngati mukuthandiza m'bale pa vuto, osalandira kanthu, muuzeni kuti ndakupatsa mwaulere, ndipo mumtima mwanu muvomere kuti ikawonongeka mwina mudzakonza nokha. Kumbukiraninso kufunsa ngati inshuwalansi yanu imalola kuti iye ayendetse. Ngati mukulandira ndalama, ngakhale zochepa zotchedwa za sopo, amenewo ndi malonda, ndipo pepala, chikole ndi zithunzi ziyenera kukhalapo ngakhale wobwerekayo akhale mwana wa amalume anu. Milandu yambiri imene imafika kwa ankhoswe ndi kupolisi ndi ya galimoto zimene zidachoka pakhomo mwini akuganiza kuti ndi hayala, wobwereka akuganiza kuti ndi chithandizo ndipo ndalama imene adapereka inali ya mafuta.